Mau a mnzathu woyeza malo pa msonkhano wa ku Naisi

Mwandifunsa za chimakina cha miyendo itatu chimene munandiona nacho m'mbali mwa phiri kuno ku Naisi. Ena akuti ndikufuna golide. Iyayi ndithu.

Kale poyeza malo tinkakoka tcheni ndi kusuzumira mu theodolite, n'kumalemba malo amodziamodzi m'buku. Makina atsopanowa dzina lake ndi laser scanner. Amaponya kuwala panthaka, pamwala, pamtengo, nawerenga nthawi imene kuwalako kwatenga kuti kubwerere. Paja kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Pa mphindi zochepa amatolera timadontho mamiliyoni, ndipo pa kompyuta chigwembe chonse chimaoneka ngati mtambo wa fumbi, koma kadontho kalikonse kali pamalo pake penipeni.

Ndikuvutikiranji? Mu Marichi 2023 namondwe Freddy anagumula mapiri ku Blantyre, Chiradzulu ndi Mulanje, anthu nakwiririka m'matope. Ifenso tili m'tsinde mwa phiri. Ndikayeza chigwembe mu Okotobala, n'kubwereza mu Epulo mvula itatha, ndidzadziwa kuchuluka kwa dothi limene latsikira kuchigwa, ndiponso nyumba zimene zili pangozi.

Koma miyeso iwiriyo singagwirizane popanda timiyala ta simenti timene ndakwirira. Tiwiri tazulidwa kale, wina anafuna chitsulo cha pakati. Chonde mukawauze abale ndi mafumu athu kuti timiyalato si tolandira munthu munda. Atisiye mpaka Epulo.