LIWIRO LA ATSIKANA

Mau okambidwa kwa aphunzitsi a sukulu za m'midzi ku Zemba

Pali dzina limene liyenera kumveka m'sukulu za kuno, ndilo la Edna Maskell. Mkazi ameneyu anathamangira South Africa pa masewera a Olympic ku Helsinki m'caka ca 1952. Koma m'caka ca 1954, pa masewera a maiko a Ufumu wa Britain ku Vancouver, m'dziko la Canada, anathamangira dziko lino, limene masiku aja linali kutchedwa Northern Rhodesia.

Mpikisano wace unali wa mamita 80, wolumpha zotchinga zisanu ndi zitatu, ciri conse msinkhu wace mapazi awiri ndi theka. Iye anatsiriza m'masekondi 10.9, napambana onse, nalandira mendulo ya golidi. Pa liwiro la mayadi 100 anakhala wacitatu, pambuyo pa Marjorie Jackson-Nelson ndi Winsome Cripps a ku Australia.

Kodi m'caka cimeneco munalibe atsikana aliwiro m'midzi ya Chadiza? Analimo ndithu. Koma mabwalo abwino anali m'matauni, m'manja mwa Azungu, ndipo panalibe munthu woyesa liwiro la mwana wa kumudzi. Malamulo a tsankho anatha, koma ziripo zina zotsekereza: mtsikana akatha msinkhu auzidwa kuti kuthamanga nkocititsa manyazi, ndipo akaweruka ku sukulu mtondo ndi mtsuko zimdikira.

Umphawi suletsa miyendo. Dorothy Hyman wa ku England anali mwana wa munthu wokumba malasha ku Yorkshire, koma m'caka ca 1960 anakhala waciwiri pa liwiro la mamita 100 pa masewera a Olympic ku Rome, ndipo m'caka ca 1962 anapambana pa mayadi 100 ndi pa mayadi 220 ku Perth.

Cotero nchito yatsalira mphunzitsi. Iye apime mamita 100 pa bwalo la sukulu, adule nsungwi zopepuka zikhale zotchinga, napatse atsikana mpikisano wao-wao sabata ndi sabata, nalembe nthawi zao m'buku. Koposa zonse akakhale pansi ndi makolo ndi anamkungwi, pakuti mwana woletsedwa kwao sadzathamanga ku sukulu. Akulu anati, m'mera mpoyamba.