Makampani Akuluakulu a Kunja ndi Nyanja Yathu

Mawu amene mlangizi wa za usodzi anayankhula pa msonkhano wa makomiti a BVC



Lero nkhani ya matchera ndi nyengo yotseka nyanja ndaiika pambali. Ndikufuna tikambirane za makampani amene likulu lawo lili kunja koma amagwira ntchito m'mayiko ambiri. Ena mwa iwo ali ndi ndalama zoposa bajeti ya dziko lathu. Boma losauka likamakambirana nawo, limafuna misonkho ndi ndalama zakunja, ndiye mawu a kampani amamveka msanga kuposa a msodzi.

Izi zinafika kale panyanja pathu. Mu 2011 boma linapereka laisensi kwa kampani ya ku Britain, Surestream Petroleum, yofufuza mafuta kumpoto kwa nyanja ya Malawi. Mu 2012 dziko la Tanzania linati ntchitoyo iime chifukwa theka la nyanja ya kumeneko ndi lawo. Malawi inakana, potengera pangano la 1890 la pakati pa Britain ndi Germany. Mkangano umene unali utazirala unabukanso, mpaka a Joaquim Chissano, mtsogoleri wakale wa Mozambique, anakhala mkhalapakati. Mu 2014 boma lathu linaimitsa malaisensi a mafuta kuti liwaunikenso. Taonani, pepala limodzi la kampani linayambanitsa mayiko awiri, mafuta asanaoneke ndi dontho lomwe.

Tsopano tipite ku Nigeria, kumene mafuta apopedwa kwa zaka zambiri, timve zimene zinagwera asodzi anzathu. Mu 2008 paipi ya kampani ya Shell inaphulika pafupi ndi mudzi wa Bodo. Mafuta anadzaza mitsinje, nsomba zinafa, usodzi unaima. Poyamba mudzi wonse anaulonjeza mapaundi 4,000 okha. Anthuwo anakana. Anagwirizana, anapeza maloya, nakasuma ku London. Mu 2015 Shell inavomera kulipira mapaundi 55 miliyoni, ndipo anthu pafupifupi 15,600 analandira chipepeso. Anadikira zaka zoposa zisanu ndi chimodzi.

Sindikunena kuti kampani iliyonse ndi mdani. Ntchito ndi misonkho timazifuna. Koma walira mvula walira matope. Nyanja yathu ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira madzi, mtsinje wa Shire. Mafuta atatayikira m'menemo sangachoke msanga, ndipo chambo, usipa ndi utaka zilibe kothawira.

Choncho pempho langa ndi ili. Choyamba, alembi a komiti musatope kulemba kaundula wa asodzi, zida ndi nsomba zogwidwa padoko lanu. Tsiku la mlandu adzakufunsani kuti, "Munkapha zingati?" Pakamwa pokha sipadzakuthandizani.

Chachiwiri, kukabwera msonkhano wounikira mmene ntchito ya kampani ingakhudzire chilengedwe, pitani, amayi ndi abambo omwe. Funsani kuti ngozi itachitika adzalipira ndani, ndipo yankholo lilembedwe.

Chachitatu, musasainire pepala limene simunalimvetse, ngakhale atakupatsani alawansi. Kaonetseni amfumu, komiti yonse ndi ofesi yathu kuboma.

Doko limodzi akhoza kulinyalanyaza, koma madoko onse akayankhula chimodzi, ngakhale aphungu ku Lilongwe amatchera khutu.

Amene ali ndi funso aimike dzanja.