Chipatala Chomwe Chinkabwereketsa Ndalama Zogulira Minda

Lero tikambe za anthu a mtundu wa Kaqchikel, amodzi mwa Amaya a ku Guatemala, alimi a chimanga ngati ife tomwe.

M'chaka cha 1962 dokotala wa ku America, Carroll Behrhorst, anatsegula kachipatala m'tauni ya Chimaltenango. Posakhalitsa anaona kuti mwana yemwe wamuchiza lero, mwezi wamawa wabweranso atatupa miyendo. Mankhwala analipo, koma kunyumba kunalibe chakudya. Minda yachonde inali ya eni maesiteti, makolo n'kumakathyola khofi wa ena. A ku Thyolo ndi Mulanje, izi si zachilendo kwa ife.

Choncho chipatalacho chinaphunzitsa alimi odzipereka a m'midzi momwemo kuchiza matenda ofala m'chinenero chawo. Chinayambitsanso thumba la ngongole lotchedwa ULEU, kutanthauza nthaka, loti mabanja agule minda yawoyawo. Ntchitoyi sinali yamasewera: pa nkhondo ya m'ma 1980 ena mwa odziperekawo anaphedwa.

Nafenso tikamaumba njerwa za chipatala cha m'dera lathu, komiti ya zaumoyo ilembe mabanja opanda munda, mayinawo afike ku bungwe lathu.