Chidule cha Khutba ya Ijumaa: Inshuwalansi Yozembetsedwa pa Khadi ya Ngongole

Kutamandidwa konse nkwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake.

Abale ndi alongo athu m'Chisilamu, lero tikamba za chuma chotengedwa mwachinyengo ndi ufulu wa mwini wake wochiitanitsa. Chitsanzo chathu chikuchokera ku Britain, komwe mabanki kwa zaka zambiri ankaphatika inshuwalansi yotchedwa PPI pa makhadi a ngongole ndi pa ngongole zina.

Khadi ya ngongole ndi khadi yomwe munthu amagulira katundu ndi ndalama za banki, n'kudzabweza pambuyo. Inshuwalansiyi inkayenera kumlipirira ngongoleyo akadwala kapena ntchito ikamthera. Mtengo wake unkawonjezedwa pa ngongole mwezi ndi mwezi, ndipo nawonso unkabereka chiwongoladzanja. Ena adaikiridwa osafunsidwa. Ena adauzidwa kuti popanda iyo sapatsidwa khadi, pomwe lidali bodza. Enanso, monga opuma pa ntchito, odzilemba okha ntchito ndi odwala kale, ankalipira chinthu chomwe malamulo ake omwe sankawalola kupindula nacho.

Uku ndi kubisa chilema cha malonda. M'buku la Sahih Muslim muli nkhani ya Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pomwe adapisa dzanja mu mulu wa chakudya chogulitsa napeza kuti chonyowa chabisidwa pansi, ndipo adamdzudzula wogulitsayo. Surat Al-Mutaffifin nayonso ikuchenjeza opungula miyeso.

Anthu ku Britain sadakhale chete. Adalembera mabanki awo, ndipo banki ikakana kapena ikapitirira masabata 8 osayankha, ankapita ku Financial Ombudsman Service, ofesi yomva madandaulo kwaulere. Mu 2011 khoti lalikulu lidakana mlandu womwe bungwe la mabanki lidakasuma potsutsa malamulo obwezera ndalamazi. Mu 2014 khoti lalikulu koposa lidagamula mokomera mayi Susan Plevin, omwe sadauzidwe kuti 71.8 peresenti ya zomwe adalipira pa inshuwalansi ya ngongole yawo idali komishoni ya ogulitsa. Zonse pamodzi, ndalama zobwezedwa zidaposa mapaundi 38 biliyoni. Koma bungwe loyang'anira mabanki la FCA lidaika 29 Ogasiti 2019 kukhala tsiku lomaliza, ndipo ambiri omwe adazengereza adapeza khomo lotseka.

Tiphunzirepo zinthu zitatu. Choyamba, Msilamu atalikirane ndi ngongole ya riba. Koma yemwe adagweramo asaganize kuti tchimo lakelo lahalalitsa chuma chake kwa womubera. Alape kwa Allah, ndipo aitanitse chake. Kudandaula mwachilungamo si kusowa sabr ayi.

Chachiwiri, tisunge mapepala. Ayah 282 ya Surat Al-Baqarah, yomwe ndi yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ikutilamula kulemba ngongole. Choncho tiwerenge tisanasaine, ndipo yemwe sadziwa kuwerenga apite ndi mwana kapena m'bale womukhulupirira. Kuno kwathunso ngongole za m'mabanki ndi m'mabungwe obwereketsa ndalama kawirikawiri zimadza ndi inshuwalansi. Tifunse mtengo wake, chomwe imalipira, ndi ngati tingaikane. Tikaona kudulidwa kosadziwika, tilembe kalata ku bungwelo, titchule tsiku ndi ndalama, tisunge kope. Likapanda kutithandiza, dandaulo lipite kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi. Tisadikire kuti chaka chitembenuke.

Chachitatu, tinene zoona zokhazokha, ndipo titenge chathu chokha. Yemwe adaifuna yekha inshuwalansi akuidziwa bwino, asaname kuti adakakamizidwa. Ku Britain obwezeredwa ankalandiranso 8 peresenti pachaka pamwamba pa zomwe adadulidwa. Zodulidwazo ndi halali kwa mwini wake, koma chowonjezera chotere ma ulama ambiri amalangiza kuchipereka kwa osauka.

Ndipo ife ogulitsa usipa ndi chambo pa gombe, tisabise yoonongeka pansi pa dengu, pakuti mlandu wake ndi womwewo.

Tikupempha Allah atipatse rizq la halali, atiteteze ku ngongole yolemetsa, ndi kuti tisapondereze kapena kuponderezedwa. Ameen.