Diso la pa mbedza yamtovu likhale m'kadzenje

 Ambiri mwa inu a kuno ku Chawama amene mumakawedza ku Kafue, ku Chirundu ndi ku Siavonga mwayamba kudzipangira nokha mbedza za mutu wamtovu, zija timavekapo kansomba ka pulasitiki. Mwachita bwino, za m'sitolo n'zodula. Koma dandaulo ndimalimva kawirikawiri: mwamata maso, mwaponya kangapo, maso athothoka.

Nembwe ndi mcheni zimasaka poona, choncho nyambo yooneka ngati kapenta weniweni imazikopa msanga. Vuto lili pa kamatidwe. Mutu wamtovu ndi wobulungira, pamene kumbuyo kwa diso n'kwafulati. Likungogwira pakati pokha, m'mphepete muli mpata, ndiye likakhula mwala limachoka.

Taonani mutu uwu ndagwirawu. Yambani ndi tupa, mupale mbali zonse ziwiri pakhale posalala. Chongani pakati ndi nsonga ya msomali. Kenaka tengani kachitsulo kobowolera kofanana ndi diso lanu, tinene mamilimita 5 pa mutu wa magalamu 10, mupotokole ndi dzanja. Makina ayi! Mtovu ndi wofewa, makina amalowa mwaphuma mpaka kukakhudza mbedza m'kati. Kadzenje kakhale koti diso likalowa, m'mphepete mwake mubisike. Amene muli ndi chikombole cha aluminiyamu, bowolani timabowo m'kati mwake mulowetsemo misomali yaifupi mitu yake itatulukira pang'ono, mutu uliwonse uzituluka ndi madzenje ake kale.

Maso musavutike nawo. Mikanda yafulati ndi tonyezimira ta pa madiresi zili mbwee m'masitolo a zosokera ku Kamwala. Dontho lakuda pakati, basi diso latheka. Pakani penti kaye, iume, mupalenso m'kadzenjemo kuti guluu agwire pa mtovu penipeni. Supagulu ndimamukana, amachititsa diso nkhungu yoyera ndipo sachedwa kusweka. Gwiritsani ntchito guluu wosakaniza machubu awiri, wooneka ngati madzi, mudonthezenso wina pamwamba pa diso. Kabowo komangapo chingwe musakatseke, chonde.

Tsopano amayi mumvetsere, pakuti zimenezi zikuchitikira pakhomo panu. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327, mbaula yamakala imakwanitsa. Ndiye ena akusungunulira m'nyumba, m'poto yemweyo wa ndiwo. Mtovu ndi poizoni, umaononga ubongo wa mwana mosabwezeka. Ku Kabwe mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana akumeneko akupezeka nawo m'magazi. Sungunulirani panja, m'chitini chakechake, ana ali kutali. Chikombole chikhale chouma gwa, chifukwa kadontho ka madzi kamathovutsa mtovu mpaka kumaso. Mabatire a galimoto musaswe, muli asidi. Popala, yalani pepala lonyowa pansi kuti tizidutswa tisamwazike pomwe mwana amakwawa, ndipo musambe m'manja ndi sopo musanagwire nsima.

Kumbukiraninso kuti kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale boma limatseka usodzi pa mtsinje wa Kafue kuti nsomba ziswane. Miyezi imeneyo ndiyo yokonzera mbedza zanu. Za chilolezo chowedzera, ofesi yathu ya Department of Fisheries ili ku Chilanga. Amene mwabwera ndi mitu yanu yamtovu, sendezani kuno tibowole limodzi.