Mlandu wa Woletsedwa Kupikisana Uzitha Msanga



Nkhani ya munthu woletsedwa kupikisana pa mpando wa pulezidenti ife Amalawi tinaiona ndi maso athu. M'mwezi wa Malichi 2009 bungwe la MEC linakana zikalata za a Bakili Muluzi, ponena kuti analamulira kale materemu awiri, kuyambira 1994 mpaka 2004. Maloya awo anati ndime 83(3) ya malamulo aakulu a dziko imangoletsa materemu oposa awiri otsatizana, choncho amene wapuma zaka zisanu akhoza kubwereranso. Khothi linakana mfundoyo pa 16 Meyi. Chisankho chinali pa 19 Meyi.

Chigamulocho ine ndimagwirizana nacho. Malirewo analembedwa mlanduwo usanabadwe, ndipo mu 2002 aphungu anakana kuwachotsa. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi tsiku limene chinaperekedwa. Masiku atatu okha! Munthu angachite apilo yanji m'masiku atatu? Oweruza akanati awalole, dzina lawo likanalowa bwanji pa pepala loponyera voti? Mayi wa ku Machinga amene ankawafuna a Muluzi anakhala miyezi iwiri osadziwa ngati munthu wake alipo kapena ayi, chipani chake n'kukagwirizana ndi a John Tembo mlandu uli m'kati. Akuluakulu amati mlandu suola, koma wa chisankho umaola, pakuti tsiku loponya voti silidikira woweruza.

Ndime 40 imapatsa nzika ufulu woponya voti komanso wopikisana. Ndiye mukachotsa dzina limodzi pa pepala, mwakhudzanso aliyense amene akanachonga pamenepo. Sindikunena kuti aliyense aziloledwa. Ndikunena kuti woletsayo afotokoze chifukwa chake poyera, ndipo lamulo limene akugwiritsa ntchito likhale loti linalipo dzina la munthuyo lisanamveke.

Abale athu a ku Zambia anaona zoipa za lamulo lolembera munthu mmodzi. Mu 1996 boma la a Frederick Chiluba linasintha malamulo kuti wopikisana akhale woti makolo ake onse awiri ndi mbadwa za Zambia. Aliyense ankadziwa amene akumufuna. Bambo a a Kenneth Kaunda, a David Kaunda, anachoka kuno ku Nyasaland kukatumikira ku mishoni ya Lubwa. Choncho a Kenneth Kaunda, munthu amene anatsogolera dzikolo zaka 27, anasanduka mlendo kwawo komwe. Chipani chawo cha UNIP chinanyanyala chisankhocho, ndipo mu 1999 khothi la ku Ndola linafika ponena kuti a Kaunda si nzika ya Zambia. Pamenepa, maloya inu, musamangofunsa ngati lamulo latsatidwa. Muzifunsanso kuti linalembedwa liti, ndipo analemba ndani.

Mu Disembala 2024 khothi la malamulo aakulu ku Zambia komweko linagamula kuti a Edgar Lungu sangapikisanenso, chisankho cha 2026 chikadali kutali. Nthawiyo ndiyiyamikira. Koma khothi lomwelo linali litawalola kupikisana mu 2021 ali pampando, n'kudzasintha maganizo atachokapo. Munthu wamba akaona zotere amayamba kuganiza kuti chigamulo chimatsata amene ali ku nyumba ya boma, ndipo maganizo amenewo akalowa m'mitima savuta kukula.

Pempho langa kwa inu ndi ili. Mukamatuluka muno mutenge mfundo yopita kwa aphungu, yakuti mlandu woterewu ukhale ndi masiku ake owerengeka, kuyambira ku khothi lalikulu mpaka ku Supreme Court, ndipo uthe mapepala a voti asanasindikizidwe. Tinatha kuika malire a nthawi yolengezera zotsatira za chisankho, apanso tingathe. A zipani nanunso, ngati mukudziwa kuti munthu wanu ali ndi funso pamutu pake, pitani kukhothi chaka chisanafike, m'malo modikira tsiku lopereka zikalata kuti mudzaitane anyamata pamsewu.

Wapampando, ndi mawu amenewa ndikulengeza kuti zokambirana zathu zatsegulidwa.