Alendo Asamangodutsa pa Karonga



Alendo ambiri a pa msewu wa M1 amaima pa Karonga kungomwetsa galimoto mafuta, kenaka ulendo wa ku Songwe. Chonsecho nyumba yosungiramo zinthu zakale, yomwe idatsegulidwa mu 2004, ili pompano, ndipo m'katimo mwaima chifanizo cha mafupa a Malawisaurus, chinyama chomwe chidafukulidwa m'boma lino. Ku Uraha, mu 1991, kudapezeka chibwano cha munthu wamakedzana cha zaka zoposa 2 miliyoni. Phiri la Mbande, likulu la a Kyungu akale, silili kutali, pomwe manda a asilikali a nkhondo ya 1914 ali m'tauni momwemuno.

Mlendo akagona usiku umodzi wokha, wakabaza, wogulitsa mpunga wa Kilombero ndi wowotcha nsomba onse amapata kangachepe. Komatu wakabazayo ayenera kuidziwa njira ya ku Mbande, ndi mbiri yake yomwe.